Mafilimu a makauboyi a masiku ano: oti muonere, oti mudumphe, ndi imodzi yomwe inandidyera bandulo

Chitchukireni Yellowstone, siriizi ya pa TV ya makauboyi momwe munali Kevin Costner, anzanga omwe kale ankati mafilimu a makauboyi ndi a madala ayamba kundisowetsa mtendere pa WhatsApp. Funso ndi lomwelomwelo: achimwene, tiyambire iti? Ena amafunsa ali kale kwa mnyamata wobena mafilimu, fulashi ili m'manja, akufuna yankho pompopompo. Ndiye ndalemba kamodzi, wofunsa ndizingomutumizira.

Ma Oscar sindiwerengera kwenikweni. True Grit inapikisana nawo m'magawo 10 n'kubwerako chimanjamanja. Killers of the Flower Moon nayo magawo 10, chimanjamanja. Ine ndimayang'ana zinthu ziwiri basi. Filimu imalize nkhani yomwe yayamba. Ndipo chipolopolo chikhale ndi mtengo: munthu akawomberedwa pakhale wolira, pakhale wolipira, wowomberayo tulo timuvute. Za mahatchi onenepa, mapiri ndi zipewa zikuluzikulu sindinenapo, onse ali nazo.

Muyeso umenewu ndinautenga ku Unforgiven ya Clint Eastwood, ya 1992, ndipo imeneyi sindiilowetsa mumpikisano chifukwa ingathetse masewera asanayambe. William Munny ndi chigawenga chomwe chinapuma, tsopano chikuweta nkhumba, nkhumbazo zodwalanso. Akati akwere hatchi amagwa. Akati awombere chitini ndi pisitoli amaphonya. Pena pake awombera mnyamata pamimba, mnyamatayo n'kukwawira kuseri kwa mwala akulirira madzi, mpaka Munny yemweyo kuyamba kukuwira anzake a mnyamatayo kuti ampatse madziwo, sawombera. Ukaona zimenezo, mafilimu aja ogwetsa anthu makumi awiri pa mphindi imodzi amasiya kukoma.

Tiyambe ndi yomwe inandipweteka.

Kevin Costner ndi munthu wanga. Dances with Wolves ya 1990, yomwe inatenga ma Oscar 7, ndinaikonda ndili wamng'ono ndipo mpaka pano sindilola munthu kuinyoza pamaso panga. Ndiye nditamva kuti mkuluyu wasiya Yellowstone, waikamo ndalama za m'thumba mwake zomwe iye mwini anati ndi madola 38 miliyoni kuti apange Horizon: An American Saga, sindinafunse munthu. Ndinagula bandulo yaikulu, ija yoti ikanandikankha mpaka kumapeto kwa mwezi, n'kukhala pansi usiku foni ili ndi moto wodzadza.

Poyambira palibe chodandaula. Azungu amanga kamudzi m'chigwa cha San Pedro, pamalo a mtundu wa Apache, ndipo usiku wina anthu ali pagule eni malowo afika. Mayi wina, yemwe akusewera ndi Sienna Miller, athawira ndi mwana wake wamkazi m'ngalande yokumbidwa pansi pa nyumba, ngalandeyo n'kugumuka, awiriwo n'kumapumira pa mpope wa mfuti womwe aubaya kutulukira kunja. Pamenepo ndinati ndalama yanga yagwira ntchito. Kenaka filimu ilumphira ku Montana, kwa mayi wina yemwe wawombera mwamuna n'kuthawa ndi khanda. Kenaka kwa asilikali. Kenaka kwa gulu la ngolo lomwe akutsogolera Luke Wilson. Kenaka kwa mnyamata yemwe walowa gulu losaka Apache. Costner mwini wake akutulukira patadutsa pafupifupi ola lathunthu. Ndinkangodzilimbitsa mtima kuti njira zonsezi zikakumana kutsogolo, ndiye kukhala moto.

Sizinakumane. Patatha mphindi 181, nyimbo inangokwera, n'kuyamba kuonetsa tizidutswa ta zinthu zomwe sizinachitike: mahatchi akuthamanga, nkhope zatsopano, makina osindikizira mapepala. Ndinayamba ndaganiza kuti intaneti yalumpha penapake. Ayi ndithu, anali malonda a gawo lachiwiri, atawamata kumapeto kwa gawo loyamba ngati mathero.

Mtengo wobisika wa Horizon ndi umenewu. Mutu wake umanena kuti Chapter 1, inde, koma pali mafilimu ambiri a gawo loyamba omwe amatseka kankhani kamodzi n'kukusiyira kena. Iyi sitseka kalikonse. Magawo akonzedwa kuti akhale 4. Loyamba linatuluka pa 28 June 2024, lachiwiri linayenera kutsatira pa 16 August chaka chomwecho, koma anthu atapanda kubwera mwaunyinji ku loyamba, mu July analichotsa pa kalendala, n'kukalionetsa ku chikondwerero cha mafilimu ku Venice mu September. Amene analipira mu June akuganiza kuti mu August amva mathero anangotsala kukamwa yasa. Zili ngati telala yemwe walandira ndalama ya suti yonse, tsiku lokatenga n'kukupatsa mkono umodzi ndi kolala, zosokedwa bwino kwambiri, n'kunena kuti thalauzi mudzamva kwa ine.

Oikira kumbuyo amati ndiione ngati siriizi. Siriizi imakupatsa gawo lotsatira sabata yamawa. Chomwe ndingavomere n'chakuti muli kachigawo kamodzi kapamwamba: Costner akukwera chitunda ndi mnyamata wina wolongolola wa banja la Sykes, lomwe likusaka mayi wothawa ndi khanda uja, onse akupita kunyumba imodzi, mnyamatayo akumuseka ndi kumufunsa mafunso achipongwe, iwe woonera ukudziwa kuti pamwamba paja wina sabwerako. Mphindi zochepa zimenezo ndi Costner weniweni. Koma sizokwana maola atatu a munthu, ndipo Horizon kwa ine ili pansi pa mndandanda wonse.

Wofuna Costner weniweniyo atenge Open Range ya 2003. Nkhani ndi imodzi, yowongoka. Ndi 1882, amuna anayi akuyenda ndi ng'ombe zawo kudyetsa m'malo opanda mwini, ndipo mwini famu wina wolemera, yemwe wagula ndi mkulu wa apolisi wa m'tauni yemwe, sakufuna kuona anthu otere. Aphedwa mmodzi, wina avulazidwa, ndipo otsala awiri, Robert Duvall ndi Costner, alowa m'tauni. Chomwe chimandigwira ndi m'mawa wa tsiku la nkhondo. Mdala Duvall alowa m'sitolo n'kugula chokoleti chodula cha ku Switzerland ndi ndudu zapamwamba, poti munthu sungafe usanalaweko. Costner asiya kakalata koti akafa, katundu wake agulitsidwe n'kumugulira mayi wina makapu a tiyi m'malo mwa omwe iye anaswa. Ndiye nkhondo ikayamba, siyamba ndi kuwerenga mpaka katatu. Costner angoyenda molunjika kwa katswiri wa mfuti wa mbali inayo, amufunsa funso limodzi, n'kumuwombera pamphumi munthu asanamalize kumwetulira. Zotsatira zake ndi chipwirikiti: anthu akuphonyana ali pafupi, akubisala kuseri kwa matabwa omwe zipolopolo zikungoboola, mfuti zikulira mogonthetsa m'khutu. Muvale mahedifoni. Mathero ake achikondi amatalika pang'ono, koma ndimawakhululukira. Ili pa nambala 3, ndipo mukati ndikukondera sindikana.

Asaganize wina kuti vuto langa ndi kutalika kwa filimu. Killers of the Flower Moon ya Martin Scorsese, ya 2023, ndi mphindi 206, kuposa Horizon, koma ukamadzuka umakhala wamva nkhani yonse. Ndi zinthu zomwe zinachitikadi ku Oklahoma m'zaka za m'ma 1920. Mtundu wa Osage unapezeka kuti malo ake ali pamwamba pa mafuta, unalemera, ndipo boma linaika lamulo loti ambiri mwa iwo asagwiritse ntchito ndalama zawo popanda mzungu wowayang'anira. Azungu ena anapeza njira yachidule: kwatira mkazi wachi Osage, kenaka abale ake azifa mmodzimmodzi mpaka chuma chonse chigwere m'nyumba mwako. Robert De Niro ndi William Hale, mkulu wolankhula chinenero chawo, wosasowa pamaliro awo, yemwenso ndiye akulamula kuti aphedwe. Leonardo DiCaprio ndi mphwake, Ernest, chitsiru chadyera chomwe chimabaya mkazi wake jakisoni wa matenda a shuga chitathiramo poizoni, kwinaku chikuti chimamukonda. Filimu yonse yagona pa nkhope ya Lily Gladstone, yemwe akusewera mkaziyo, ndipo kuti Oscar inamudutsa zimandiwawabe. Ola lomaliza la milandu limakoka miyendo, ndiye chake ndaiika pa nambala 4. Muigawe masiku awiri, siitaya kukoma.

Pali zina zoti tidutse mothamanga. The Magnificent Seven ya 2016 ili ndi Denzel Washington atavala zakuda, ndipo ndi zokhazo zomwe ndikukumbuka. Anthu amafamo mazanamazana popanda ngakhale mmodzi wokudandaulitsa. The Revenant ya 2015 ndi yokongola zedi ndipo chimbalangondo chija chimaopsa, koma anaijambula ndi kuwala kwachilengedwe, ndiye pafoni theka lake umangoona nkhope yako pagalasi. Nkhani yake ndi DiCaprio akukwawa kwa mphindi 156. Hugh Glass weniweni wa 1823, yemwe DiCaprio akusewera, sanamuphe n'komwe munthu yemwe anamusiya kuti afe, kubwezera kuja anachita kuwonjezera. The Hateful Eight, ya chaka chomwecho, Quentin Tarantino anaijambula ndi makamera a 70mm oyenera zigwa ndi mapiri, n'kutsekera anthu onse m'chipinda chimodzi pafupifupi maola atatu. Nyimbo za Ennio Morricone n'zabwino ndipo zinamupatsa Oscar, koma anthu eyiti onsewo ndi oipa, ndiye amene afe ndi amene atsale zilibe nawe kanthu. The Assassination of Jesse James by the Coward Robert Ford ya 2007 ndi ya anthu oleza mtima. Mutu wakuuza kale mathero, ndipo mphindi 160 zake zimayenda pang'onopang'ono, koma Casey Affleck ngati kamnyamata kokonda Jesse James mpaka kufika pomuda ndi chinthu choti uone. Osaiyamba utakhuta.

Mkangano womwe umabuka nthawi zonse pagulu lathu ndi wa Django Unchained ya 2012 ndi The Harder They Fall ya 2021, poti zonse zili ndi munthu wakuda pahatchi. Zimenezi si nkhani yaing'ono. Odziwa mbiri yakale amati mwa makauboyi anayi aliwonse mmodzi anali wakuda, koma Hollywood inatha zaka zambiri ikuonetsa ngati kunalibe. The Harder They Fall ya Jeymes Samuel inatenga mayina a anthu omwe analikodi, Nat Love, Rufus Buck, Stagecoach Mary, Cherokee Bill, Bass Reeves, n'kuwaika m'nkhani yopeka. Rufus Buck weniweni ananyongedwa mu 1896 ali mnyamata, pomwe apa ndi Idris Elba wa imvi m'ndevu. Zimenezo sizindivuta. Zovala n'zaukhondo, nyimbo za rege zimagunda bwino, Regina King amaopsa, ndipo nthabwala ya tauni ya azungu yomwe nyumba, nthaka ndi chilichonse ndi choyera mbee inandiseketsa. Koma zonse n'zochapidwa ndi kusitidwa mopitirira. Palibe fumbi, palibe thukuta, ndipo munthu akagwa zimangokhala ngati mbali ya gule.

Django imaiposa, ngakhale Tarantino amandikwiyitsa. Jamie Foxx ndi kapolo yemwe wamasulidwa ndi Mjeremani wina, dokotala wa mano yemwe anasanduka wosaka zigawenga kuti azilandira mphoto, ndipo awiriwa apita ku Mississippi kukawombola mkazi wa Django. Ukapolo sanauphimbe: agalu, zikwapu, bokosi lachitsulo lowotcha padzuwa. Munthu woopsa kwambiri m'filimuyi si DiCaprio mwini munda, koma Stephen wa Samuel L. Jackson, kapolo wokalamba wa m'nyumba yemwe pagulu amatsimphina ndi kuseka nthabwala za bwana, koma akakhala awiri m'chipinda amakhala pampando, kapu ya mowa ili m'manja, n'kumamuuza bwanayo zochita. Vuto ndi loti filimuyi imatha kawiri. Ikafika pachimake, Tarantino awonjezeranso theka la ola, iye mwini n'kulowamo akulankhula Chingerezi cha ku Australia chomvetsa chisoni. Django ikhale pa 6, inzakeyo chakumunsi.

The Power of the Dog ya 2021 ndiyo ndimalandira nayo madandaulo ambiri. Wina anandiimbira foni kuti achimwene, mwandipatsa filimu ya makauboyi yopanda mfuti? Zoona, mulibe kuwomberana. Ndi Montana ya 1925, ngakhale Jane Campion, yemwe anaitsogolera, anaijambula kwawo ku New Zealand. Benedict Cumberbatch ndi Phil, mwini ng'ombe wosasamba, wa pakamwa pakuthwa, yemwe wadana ndi mkazi wa mng'ono wake ndi mwana wa mkaziyo, mnyamata wowonda wopanga maluwa a mapepala. Mayiyo akamayeserera piyano, Phil ali m'chipinda chapamwamba amaimba nyimbo yomweyo pa banjo mwaluso, kuti amuchititse manyazi, mpaka mayi kulowerera mowa. Imfa ilimo, imodzi yokha, ndipo ngati unapita kukatunga madzi pomwe mnyamata uja amasenda chikopa cha ng'ombe yakufa atavala magolovesi, mathero sungawamve. Inapikisana m'magawo 12, n'kutenga Oscar imodzi, ya Campion. Ndimailemekeza, koma sindinamvepo chilakolako choibwereza.

3:10 to Yuma ya 2007 ndi True Grit ya 2010 ndimaziika pamodzi chifukwa zonse ndi zobwereza mafilimu akale, ya 1957 ndi ya 1969, ndipo zonse zili ndi mwana yemwe akuonerera akuluakulu. Mu Yuma, Christian Bale ndi mlimi wolumala mwendo, wa ngongole, yemwe wavomera madola 200 kuti aperekeze chigawenga Russell Crowe kukakwera sitima yopita kundende. Mpaka pa hotela ya ku Contention filimuyi ndi yamphamvu, ndipo Ben Foster ngati wachiwiri wa chigawengacho amaba filimu yonse. Koma mphindi zomaliza, pomwe chigawenga chiyamba kuthandiza wochigwira kuthamangira kusiteshoni anyamata ake omwe akuwombera, mutu wanga umakana. Amafuna ndikhulupirire kuti munthu wasintha mtima chifukwa cha nkhani imodzi yomvetsa chisoni. Toto.

True Grit ya abale a Coen ilibe chibwana chotero. Mattie Ross ndi mtsikana wa zaka 14 yemwe wafika ku Fort Smith kudzatenga mtembo wa bambo ake ndi kudzasaka wowapha. Mfuti isanalire ngakhale kamodzi, kamtsikanaka kalowa mu ofesi ya mkulu wogulitsa mahatchi n'kuyamba kutsatsana naye: ambwezere ndalama ya mahatchi omwe bambo ake anagula, alipire hatchi yomwe inabedwa ili m'khola mwake, apo ayi akumana ndi loya wake. Mdalayo akutuluka thukuta, akukweza mtengo pang'onopang'ono, ndipo mawa lake mtsikanayo atabweranso kudzagula imodzi mwa mahatchi omwewo motchipa, mdala achita kunjenjemera. Hailee Steinfeld, yemwe akusewera Mattie, anali ndi zaka 13 pojambula zimenezi. Jeff Bridges ndi Rooster Cogburn, wapolisi wa diso limodzi, chidakwa, ndipo pano ndikuchenjezeni: amalankhulira m'ndevu, popanda mawu olembedwa pansi simumva kanthu ngakhale Chingerezi chanu chili cha ku yunivesite. Chomwe chimaikweza pa nambala 2 n'chakuti kubwezera kwa Mattie kuli ndi mtengo wake, ndipo akuulipira ndi thupi lake. Usiku uja Cogburn akuthamangitsa hatchi ya mtsikanayo mpaka kuitopetsa kotheratu, kenaka n'kumunyamula yekha m'manja, nyimbo ya kutchalitchi ikulira chapansipansi, ndi pomwe anthu ouma mtima amayamba kutsokomola.

Zatsala ziwiri za magalimoto m'malo mwa mahatchi, ndipo wonena kuti si za makauboyi akangane ndi ena. No Country for Old Men ya 2007, ya abale a Coen omwewo, ndi Texas ya 1980. Josh Brolin atola chikwama cha madola 2 miliyoni pamalo pomwe ogulitsa mankhwala ozunguza bongo aphana, ndipo Javier Bardem amulondola atanyamula chida chophera ng'ombe. Pa kuopsa palibe yoifika. Lamulo lija loti mwini filimu safa silinawapeze anthu awa, ndipo chomwe chimapweteka ndi choti sakuonetsa n'komwe, umangofika zitachitika kale. Kenaka Tommy Lee Jones, mkulu wa apolisi wokalamba, afotokoza maloto ake patebulo, basi, mdima. Mu vidiyo shoo anthu akanaitanitsa ndalama zawo. Ine ndimati nkhani inatha, kungoti inatha moipa dala. Ndaiika pa 5 chifukwa Bardem uja sali ngati munthu, ali ngati mliri, ndipo mliri sungakangane nawo.

Nambala 1 ndi Hell or High Water ya 2016, ndipo pano ndikhalitsapo. Analemba ndi Taylor Sheridan, yemwe uja wa Yellowstone, asanayambe kutulutsa masiriizi ambirimbiri, ndipo anaitsogolera ndi David Mackenzie wa ku Scotland. Ndi mphindi 102 zokha. Abale awiri a kumadzulo kwa Texas, Toby wofatsa yemwe banja lake linatha ndi Tanner wotuluka kundende, mayi awo amwalira atasiya famu ili pachikole ku banki. Bankiyo inawakongoza ndalama zochepa, zongokwana kuti asafe ndi njala, ikudziwa kuti sadzabweza ndipo malo adzakhala ake. Pamalopo papezeka mafuta. Tsiku lolanda layandikira.

Nzeru ya Toby ndi yomwe imandisangalatsa. Akuba m'nthambi zing'onozing'ono za banki yomweyo, m'mawa anthu asanachuluke, ndipo amatenga ndalama zing'onozing'ono za m'madirowa zokha, osakhudza mitolo yomwe ingalondoleke. Galimoto yothawira amaikwirira m'dzenje pafamu. Ndalamazo apita nazo ku kasino ku Oklahoma, azisintha kukhala tchipisi ta juga, kenaka n'kutenga cheke cholembedwa dzina la banki ija. Ngongole ya banki ibwezedwa ndi ndalama za banki. Pomaliza malowo awalembetsa m'dzina la ana a Toby, n'kupempha banki yomweyo kuti iziyang'anira chumacho, ndiye banki ilibenso chidwi chothandiza apolisi kufufuza kasitomala wake wamkulu.

Mbali inayo kuli Jeff Bridges, wapolisi yemwe watsala pang'ono kupuma pantchito, ndi mnzake Alberto, wa magazi achi Comanche ndi achi Mexico, yemwe Bridges amangomunyoza za mtundu wake tsiku lonse. Umaseka, kwinaku ukuona kuti Alberto sizikumukomera. Atakhala pakhonde moyang'anana ndi banki, Alberto anena mfundo yomwe yanyamula mafilimu onse ndatchulawa: malo onsewa anali a makolo ake, agogo a azungu osaukawa anawalanda, ndipo tsopano nawonso akulandidwa, popanda asilikali, ndi nyumba ili patsidya pa msewuyo. M'mbali mwa misewu muli zikwangwani zotsatsa ngongole zokhazokha. Mayi wina woperekera zakudya, yemwe Toby anamusiyira madola 200, akana kuwapereka kwa apolisi ngati umboni chifukwa ndi theka la ndalama yomwe amalipira pamwezi pa ngongole yake ya nyumba. Palibe mboni yomwe ikufuna kuthandiza banki.

Koma filimuyi siwasandutsa angelo anyamatawa, ndipo apa ndi pomwe imasiyana ndi zinzake. Atalowa nthambi yaikulu yodzadza anthu, ku Texas komwe kasitomala aliyense ali ndi mfuti m'chiuno, zinthu zisokonekera ndipo afa anthu osalakwa. Kenaka paphiri, chipolopolo chimodzi chifika mwadzidzidzi pakati pa nthabwala, ndipo phokoso lomwe Bridges atulutsa pambuyo pake, losadziwika ngati ndi kuseka kapena kulira, ndi lomwe limandipangitsa kuti ndisaisunthe pamwamba. Ben Foster alimonso muno, ndiye Tanner, ndipo sindikumvetsa kuti munthu ameneyu amamuiwala bwanji pa mphoto. Ndi filimu yoti ngakhale pafoni ya galasi losweka imamveka, poti mphamvu yake ili m'zokamba za anthu.

Kwa a ku Joni amene amafunsa ngati ilipo ya kufupi ndi kwathu: ilipo. Five Fingers for Marseilles ya 2017 anaijambula ku Lady Grey, ku Eastern Cape, ndipo yambiri ili m'Chisotho. Vuyo Dabula, yemwe ambiri mumamudziwa ngati Gadaffi wa mu Generations, ndi Tau, yemwe anathawa kwawo ali mnyamata atapha apolisi a nthawi ya tsankho, n'kubwerera patatha zaka 20 kudzapeza kuti anzake omwe ankamenyera nawo ufulu ena ndiwo akudya tauni. Pakati imazizira, koma mapiri ake saonetsa kuti ndi obwereka. The Salvation ya 2014, ya Mads Mikkelsen, nkhani yake ndi ya ku America koma nayo anaijambula ku South Africa, ndipo a Manchester United mudzamuona Eric Cantona ali m'gulu la zigawenga, akulankhula pang'ono n'kumangotuzula maso. Wa bandulo yochepa atenge Old Henry ya 2021, mphindi 99, mlimi mmodzi, nyumba imodzi, ndi chinsinsi chomwe sindikuuzani.

Bone Tomahawk ya 2015 ndaisiya dala pambali chifukwa sindidziwa poiika. Kurt Russell ndi anzake atatu akuyenda ulendo wokapulumutsa anthu obedwa, ndipo kwa ola ndi theka ndi macheza okoma, makamaka a mdala Richard Jenkins yemwe pakamwa sipatseka. Zomwe zili kuphanga komwe akupitako, musaonere ndi ana, musaonere ndi apongozi, ndipo nyama ya tsiku limenelo mudyeretu.